Kupeza nyumba ya lendi yokwanitsika mumzinda: zoyenera kudziwa musadapereke ndalama

Mwezi ukamapita kumapeto, m'misewu ya ku Area 25, Kawale, Ndirande ndi Bangwe simusowa timalole todzaza mabedi, matiresi, mbaula ndi ndowa. Ena mwa osamukawo amakhala kuti zawayendera, apeza nyumba yabwinopo. Koma ambiri amakhala akuthawa lendi yomwe yakwera, mpopi womwe udauma kalekale, kapena mwini nyumba yemwe sakugwirizana naye. Pakutha pa miyezi ingapo, ena mwa iwo amapezekanso pamsewu ndi katundu yemweyo, atataya ndalama ya galimoto, ya dobadoba ndi yolipiriratu.

Nyumba ya lendi ndi yomwe munthu amakhalamo polipira mwini wake ndalama pa nthawi yomwe awiriwo agwirizana, kawirikawiri pamwezi. Nyumba yokwanitsika si yomwe lendi yake ndi yotsika kuposa zonse ayi, koma yomwe banja lingakhalemo mwezi ndi mwezi popanda kugwa m'ngongole, zonse zikawerengedwa pamodzi: lendi, thiransipoti, madzi, magetsi ndi chitetezo. Mtengo womwe mwini nyumba amatchula pachipata ndi gawo chabe la mtengo weniweni.

Chifukwa chake nyumba zimasowa

Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni. Mumzinda wa Lilongwe mudali anthu pafupifupi 990,000, mu Blantyre pafupifupi 800,000, ku Mzuzu oposa 220,000 ndipo ku Zomba oposa 100,000. Chiwerengerochi chakhala chikukwera chaka ndi chaka chifukwa cha ana obadwira m'tauni momwemo komanso anthu ochoka kumudzi kudzasaka ntchito, maphunziro ndi malonda.

Nyumba sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe ambiri amangoliti MHC, lidakhazikitsidwa mu 1964 kuti lizimanga nyumba ndi kukonza mapuloti. Ndilo lidamanga nyumba zambiri za ku Nkolokosa ndi Chinyonga mu Blantyre. Ku Lilongwe ntchito yaikulu yokonza mzinda idagwiridwa ndi bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968 pokonzekera kusamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, zomwe zidachitika mu 1975. Lero nyumba za MHC ndi zochepa zedi poyerekeza ndi anthu ozifuna, ndipo amene adalowamo satulukamo wamba. Choncho nyumba zambiri zomwe anthu amachita lendi ndi za anthu wamba omwe adamanga ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena a iwo ndi ndalama za penshoni.

Izi zili ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, mtengo wa lendi umatsata mtengo wa simenti, malata ndi zitsulo, komanso zosowa za mwini nyumbayo. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo zomangira zidakwera mtengo ndipo eni nyumba ambiri adakweza lendi. Chachiwiri, palibe ofesi imodzi komwe munthu angapite n'kukapeza mndandanda wa nyumba zonse zopanda anthu. Nyumba imapezeka ndi miyendo, pakamwa ndi foni.

Madera a mumzinda ndi kusiyana kwake

Mizinda yathu idakonzedwa m'magawo, ndipo mtengo wa lendi umatsatira magawowo.

Gawo loyamba ndi la mapuloti akuluakulu, komwe nyumba ndi zotalikirana: Area 3, 9, 10, 12 ndi 43 ku Lilongwe, komanso Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Mount Pleasant ku Blantyre. Nyumba zikuluzikulu za kumeneku sizifikirika kwa munthu wa malipiro wamba. Komabe kuseri kwa nyumba zambiri kumakhala kanyumba komwe kadamangidwira antchito, komwe anthu amati boizikota, ndipo eni ake ena amakachititsa lendi pa mtengo wofikirika.

Gawo lachiwiri ndi la nyumba zapakatikati, zokhala ndi madzi ndi magetsi m'nyumba momwemo: Area 15, 18, 47 ndi 49 ku Lilongwe, Nkolokosa, Chitawira, Naperi, Kanjedza ndi Soche East ku Blantyre. Kumeneku n'komwe aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi amalimbirana nyumba, motero nyumba ikangotuluka munthu sigona masiku ambiri.

Gawo lachitatu ndi la madera omwe boma lidadula mapuloti n'kulola anthu kumanga okha malinga ndi mphamvu zawo: Kawale, Chilinde, Area 23 ndi Area 25 ku Lilongwe, Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni ku Blantyre. Papuloti imodzi pamatha kukhala nyumba ya mwini wake ndi nyumba zina zitatu kapena zisanu za lendi. Anthu ambiri ofuna nyumba yokwanitsika amathera m'gawo limeneli.

Gawo lachinayi ndi la madera omwe adakula popanda pulani ya khonsolo, monga Mtandire, Chinsapo, Kauma ndi Mgona ku Lilongwe, kapena Mbayani ndi mbali zina za Ndirande ku Blantyre. Lendi imakhala yotsika, koma misewu, ngalande, zimbudzi ndi madzi zimavuta. Ubwino wa ena mwa maderawa ndi kuyandikira kuntchito: Mtandire adagundana ndi Area 47, Mgona ali pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo wa ku Ndirande amatha kuyenda wapansi kupita ku Makata kapena ku Ginnery Corner.

Palinso madera a m'mphepete mwa mizinda omwe akukula mofulumira, monga Chigwirizano, Likuni ndi Lumbadzi, kapena Lunzu, Chileka, Mpemba ndi Chigumula. Kumeneku munthu amapeza nyumba yatsopano ndi yaikulu pa mtengo wa kanyumba ka pakati pa tauni, koma mtunda ndiwo umamudya.

Mlendo mu Lilongwe asanamizidwe ndi manambala a madera. Manambalawo satsata kuyandikana kwa malo. Area 24 ili kummwera chakummawa kwa mzinda, pomwe Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Ku Mzuzu ndi ku Zomba nakonso madera amasiyana chimodzimodzi, ndipo komwe kuli ophunzira a kuyunivesite ambiri, monga ku Luwinga ndi ku Chikanda, zipinda zimasowa sukulu zikatsegulidwa.

Mitundu ya nyumba ndi mayina ake

Olengeza nyumba ali ndi mawu awo, ndipo wosawadziwa amataya ndalama yoyendera kukaona nyumba yosamuyenera. Chipinda chimodzi, chomwe chimakhala chogona, chochezera ndi chosungira ziwiya, ndicho chotsika mtengo kuposa zonse. Nyumba ya chipinda ndi balaza ndiyo yomwe mabanja ambiri achinyamata amayambira. Nyumba za mdadada ndi zomangidwa mumzere pansi pa denga limodzi, ndipo kawirikawiri mabanja onse amagwiritsa ntchito mpopi, bafa ndi chimbudzi chimodzi. Nyumba zogundizana zimakhala ziwiri zogawana khoma. Akati nyumba ndi ya selefu, ndiye kuti bafa ndi chimbudzi zili m'kati. Akati ili mumpanda, funsani kuti mumpandamo muli mabanja angati, komanso ngati mwini nyumba amakhala momwemo.

Mawu akuti "madzi ndi magetsi zilipo" nawo amafunika kuwafunsitsa. Akhoza kutanthauza kuti nyumbayo ili ndi mita yakeyake, kapena kuti pali waya wochokera kunyumba yaikulu ndi mpopi umodzi panja wa anthu makumi awiri.

Kuwerengera mtengo weniweni

Langizo lodziwika bwino pa nkhani za chuma cha pabanja ndi lakuti lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zomwe banja limapeza pamwezi. Ambiri m'mizinda yathu sangakwanitse kutsatira langizoli ndendende, koma ndi muyeso wothandiza: lendi ikafika theka la malipiro, matenda amodzi kapena maliro amodzi ndi okwanira kulowetsa banja kwa akatapila.

Pambali pa lendi, chodya ndalama kwambiri ndi thiransipoti. Minibasi zambiri za mu Lilongwe zimathera kudepoti ya ku Old Town, ndipo za mu Blantyre zimathera ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre. Wokhala ku Area 36 koma akugwira ntchito ku Kanengo amakwera kawiri popita, kawirinso pobwera. Chimodzimodzi wokhala ku Bangwe koma akugwira ntchito ku Chirimba, yemwe amayenera kusintha minibasi panjira.

Tiyerekeze ndi ziwerengero zongopeka kuti mfundoyi imveke. Nyumba yoyamba ndi ya K120,000 pamwezi ndipo kuntchito n'kokwera minibasi imodzi ya K1,500. Popita ndi pobwera ndi K3,000 patsiku, kutanthauza K66,000 pa masiku 22 ogwira ntchito. Zonse pamodzi ndi K186,000. Nyumba yachiwiri ndi ya K80,000 koma n'kokwera minibasi ziwiri. Patsiku ndi K6,000, pamwezi K132,000, ndipo zonse pamodzi ndi K212,000. Nyumba yomwe imaoneka yotchipa ndi K40,000 yapezeka kuti ikudula ndi K26,000, osawerengera kabaza wochokera pasiteji nthawi ya mvula, thiransipoti ya ana a sukulu, ndi maola otayika pamsewu m'mawa ndi madzulo. Mafuta a galimoto akasowa kapena akakwera mtengo, kusiyanaku kumakula.

Pamwamba pa izi onjezani madzi, mayunitsi a magetsi, makala kapena gasi, ndalama ya achitetezo a m'dera, ndi ya ochotsa zinyalala komwe aliko. Musaiwale ndalama zolowera, zomwe zimatuluka kamodzi koma n'zolemera: eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, ena amafunanso dipoziti, dobadoba amafuna yake, ndipo galimoto yosamutsa katundu nayo ili ndi mtengo. N'chifukwa chake kusamukasamuka kumasaukitsa. Bola kuchedwa mwezi umodzi posankha kusiyana ndi kusamuka kawiri pachaka.

Njira zopezera nyumba

Njira yakale kwambiri, yomwenso ndi yodalirika, ndi ya pakamwa. Uzani anzanu a kuntchito, a kutchalitchi kapena kumzikiti, a kubanki mkhonde ndi achibale kuti mukufuna nyumba, m'dera liti ndi ya ndalama zingati. Mwini nyumba amakonda munthu wobwera ndi mboni yomwe akuidziwa, ndipo nthawi zina amatsitsako mtengo chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho.

Njira yachiwiri ndi ya miyendo. Sankhani dera, mupiteko Loweruka, mufunse kwa ogulitsa m'maokala, ometa tsitsi, amayi a pakiyosiki ya madzi ndi anyamata a kabaza. Anthu amenewa amadziwa banja lomwe lapereka notisi nyumba isadalengezedwe n'komwe. Nthawi yabwino yofufuza ndi pakati pa mwezi, chifukwa ofuna kutuluka amakhala atanena kale ndipo opikisana nawo amakhala asadachuluke.

Njira yachitatu ndi ya madobadoba, omwe ena amati maejenti. Awa ndi anthu omwe amadziwa nyumba zopanda anthu m'dera ndipo amalandira ndalama akakupezerani. Ambiri amafuna kandalama koonera nyumba, kenaka ina mukailowa. Alipo achilungamo omwe agwira ntchitoyi zaka zambiri m'dera limodzi ndipo amadziwika ndi aliyense. Alipo ena omwe amaonetsa anthu nyumba yomwe akudziwa kuti idatengedwa kale, n'cholinga chongotolera ndalama yoonera. Gwirizanani malipiro ake musadanyamuke, ndipo lendi musampatse iye. Lendi imaperekedwa m'manja mwa mwini nyumba kapena munthu yemwe mwini wakeyo wakutsimikizirani yekha kuti ndiye womuimira.

Njira yachinayi ndi ya pa intaneti, makamaka magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Ndi yachangu, koma n'komwenso akathyali adamanga msasa. Chinyengo chawo n'chodziwika: amaika zithunzi za nyumba yokongola pa mtengo wotsika modabwitsa, amati anthu ambiri akuifuna, ndipo amakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni. Ndalama ikangopita, foni imazima. Lamulo lake ndi limodzi: nyumba yomwe simudailowe m'kati, mwini wake simudamuone maso ndi maso, musailipire ngakhale tambala.

Palinso makampani ovomerezeka oyang'anira nyumba, omwe ali ndi maofesi ndi ziphaso. Nyumba zawo zambiri ndi zodulirapo, koma amapereka mgwirizano wolembedwa ndi malisiti. Ofuna nyumba ya MHC amayenera kukalembetsa kumaofesi a bungwelo n'kudikira. Chenjerani ndi munthu yemwe akukhala m'nyumba ya bungwe, ya boma kapena ya kampani n'kumafuna kukulowetsani mwamseri. Eni ake enieni akadzatulukira, wotulutsidwa ndinu, ndipo mulibe pepala loti n'kudzitetezera.

Zoyenera kuona pokayendera nyumba

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Penti watsopano amabisa zambiri. Nyumba muyiyendere masana, ndipo ngati n'kotheka mubwererekonso madzulo kuti muone mmene derali limakhalira kukada.

Yambani ndi madzi. Tsegulani mpopi, koma musakhutire ndi zomwe mwaona tsiku limodzi. Funsani anthu oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pasabata komanso nthawi yanji. Migolo ndi zigubu zambiri pakhonde la aneba ndi umboni wokwanira. Mu Blantyre nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa madzi ambiri a mzindawu amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wautali wokwera chitunda, motero madera a m'mapiri ndiwo amayamba kuuma makina akavuta kapena magetsi akazima. Komwe kulibe mpopi, dziwani kuti kiyosiki kapena mjigo uli patali bwanji, umatsegulidwa nthawi yanji, ndipo ndowa ndi ndalama zingati.

Kenaka onani mamita. Mita ya magetsi yolipiriratu yomwe ndi ya nyumba yanu yokha ndiyo yopanda mikangano. Mita yogawana ndi gwero la ndewu za papuloti: wina ali ndi firiji, wina amaphikira pa hotipuleti, wina ali ndi babu limodzi, koma onse akuuzidwa kuti asonkhe mofanana. Ngati mita ndi yogawana, dziwani kagawidwe kake musadalowe. Funsaninso ngati pali ngongole ya madzi kapena magetsi yomwe adasiya otuluka. Bilu yosalipidwa imatsalira pa akaunti ya nyumbayo, ndipo odzadula madzi safunsa kuti adasamba ndani. Mawaya olumikizidwa mwachinyengo ndi mlandu, komanso ndi chiyambi cha moto.

Chachitatu ndi chimbudzi ndi bafa. Werengani mabanja omwe amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, onani ngati chatsala pang'ono kudzaza, ndipo onani mtunda wake kuchokera pachitsime ngati madzi akumwa ndi a pachitsime. Mliri wa kolera womwe udayamba mu 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Madera othithikana, a madzi osatetezeka ndi zimbudzi zosakwanira, ndiwo amakhala pachiopsezo chachikulu.

Chachinayi ndi malo pomwe nyumba yaima. Nyumba zambiri zotsika mtengo modabwitsa zili m'mphepete mwa mitsinje, m'madambo kapena m'mbali mwa mapiri. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, zomwe zidakwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu ambiri adataya miyoyo usiku umodzi. Wofuna nyumba m'chilimwe ayenera kuiona ndi maso a dzinja. Mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, madontho akuda kusiling'i, ming'alu yotsika kuchokera pawindo, khonde lokwezedwa ndi matumba a mchenga, ndi ngalande yolunjika pakhomo, zonsezi zimanena zomwe mwini nyumba sanganene. Pandani khoma ndi chala kuti mudziwe ngati ndi la njerwa zootcha kapena la zidina zongopakidwa simenti kunja. Palibe lendi yotsika yomwe ingalipire moyo wa mwana.

Chachisanu ndi chitetezo. Onani kulimba kwa zitseko, maloko ndi zitsulo za m'mawindo. Yendani njira yochokera pasiteji kufika pakhomo, muganizire tsiku lomwe mudzaweruke mochedwa. Funsani ngati m'deramo muli achitetezo oyendera usiku komanso ngati polisi ili pafupi. Mukalowa, sinthani maloko, chifukwa simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Pomaliza, fufuzani za mwini nyumbayo monga momwe iye akufufuzira za inu. Safunsa adadya phula. Funsani aneba chifukwa chomwe adachokera amene adalimo, komanso kuti m'nyumbamo mwadutsa mabanja angati m'zaka ziwiri zapitazi. Nyumba yomwe anthu sakhalitsamo ili ndi chifukwa chake. Ngati mwini wake amakhala papuloti pomwepo, dziwani malamulo ake: nthawi yotseka geti, za alendo, za ana, za kusesa pabwalo ndi kutsuka chimbudzi, za kuweta nkhuku kapena kuchita kabizinesi pakhomo.

Mgwirizano ndi malisiti

Nyumba zambiri za m'madera a anthu wamba zimalowedwa pa mgwirizano wapakamwa. Zinthu zikamayenda bwino palibe vuto, koma tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Mgwirizano wolembedwa sufuna loya kapena Chingerezi chozama. Pepala limodzi lolembedwa m'Chichewa, losainidwa ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa mboni, aliyense n'kusunga lake, limathandiza kwambiri.

Pepalalo lionetse mayina ndi manambala a ziphaso za unzika za mwini nyumba ndi wolowa, malo pomwe nyumba ili, ndalama ya lendi ndi tsiku lolipira. Linene ndalama yomwe yaperekedwa polowa ndi miyezi yomwe ikuimira. Ngati pali dipoziti, lifotokoze kuti idzabwezedwa liti komanso zomwe zingachotsedwepo. Linene nthawi ya notisi, yomwe mwachizolowezi imakhala mwezi umodzi kwa olipira pamwezi, ngakhale ena amagwirizana miyezi itatu. Linenenso kuti lendi ingakwezedwe pakapita nthawi yaitali bwanji ndiponso kuti wolowayo adzauzidwa liti.

Nkhani ya kukonza zoonongeka ndiyo imadanitsa anthu kwambiri. Mwachizolowezi, denga lodontha, khoma long'aluka, mapaipi akale ndi kupopa chimbudzi chodzaza ndi udindo wa mwini nyumba, monganso msonkho wa malo wopita kukhonsolo. Galasi loswedwa ndi ana, babu lopsa ndi loko wothyoka chifukwa chotaya kiyi ndi za wokhalamo. Mwini nyumba akanena kuti mukonze nokha ndipo mudzachotsera pa lendi, mawuwo alembedwe musadagule thumba la simenti, ndipo malisiti a zipangizo musunge. Tsiku lolowa jambulani ndi foni zipinda zonse, zoonongeka zomwe mwazipeza, ndi manambala omwe mamita akuonetsa.

Lendi iliyonse ikhale ndi umboni. Komwe kulibe buku la malisiti, gulani kope lomwe mwini nyumba azisainamo mwezi uliwonse. Olipira kudzera pafoni kapena kubanki asafufute mauthenga otsimikizira. Musalipire miyezi yambiri yam'tsogolo kuposa yomwe mwagwirizana, ngakhale mwini nyumba atabwera ndi vuto la fizi kapena feteleza, pokhapokha zitalembedwa. Nyumba ikagulitsidwa kapena mwini wake akamwalira, olowa m'malo mwake amafuna kuona pepala.

Tsimikizaninso kuti amene mukulankhula naye ndi mwini wake weniweni. Nyumba zamasiye zimakhala ndi ana kapena achibale angapo, ndipo zimachitika kuti aliyense amabwera payekha kudzatenga lendi. Aneba ndi mfumu ya m'deralo angakuuzeni yemwe banja lidamusankha kuti aziyang'anira.

Kukhala bwino, ndi kutuluka bwino

Mukalowa, kadzionetsereni kwa mfumu ya m'dera kapena bulokulida. M'tauni amenewa ndiwo amaimirira pa maliro, amalemba makalata otsimikizira kuti munthu amakhala m'deralo, ndipo amaweruza timilandu ta papuloti. Wobwera yemwe sadziwika kwa mfumu, sapezeka pa zovuta za anzake ndipo sasonkha nawo, amadzaona kuuma kwa tauni tsiku lomwe zamugwera.

Mwezi ukavuta, monga malipiro akachedwa, muuzeni mwini nyumba tsiku lolipira lisadafike, ndipo mutchule tsiku lomwe mudzapereke. Eni nyumba ambiri amapirira munthu wonena zoona kusiyana ndi wozemba, wotuluka m'bandakucha n'kumabwera usiku. Kumbukirani kuti kwa ambiri a iwo lendiyo ndiyo chakudya ndi mankhwala awo.

Mkangano ukabuka, yambani n'kukambirana pamaso pa mboni zomwe zidasaina. Zikakanika pitani kwa mfumu, ndipo zikapitirira nkhani ya lendi ndi kutulutsana m'nyumba imaweruzidwa kukhoti. Osowa ndalama ya loya angathe kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika pa milandu. Mwini nyumba yemwe akuzula chitseko, kusasula denga kapena kuponya katundu wa munthu panja pamvula akudziweruzira yekha mlandu, ndipo pomwe pali ziopsezo kapena kuononga katundu, nkhaniyo ikafike kupolisi. Naye wokhala m'nyumba yemwe akuthawa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu akuonongera anzake obwera pambuyo pake, chifukwa n'zomwe zimachititsa eni nyumba kuumirira ndalama zambiri zolipiriratu.

Potuluka perekani notisi yolembedwa pa nthawi yake, lipirani mabilu onse, yenderani nyumba limodzi ndi mwini wake poyerekeza ndi zithunzi za tsiku lolowa, ndipo mubweze makiyi pamaso pa mboni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Mizinda yathu ndi yaikulu pa mapu pokha: mwini nyumba wa ku Chilinde amapemphera limodzi ndi wa ku Area 23, ndipo mbiri yakuti uje amalipira bwino ndi kusamala nyumba ndiyo imatsegula chitseko chotsatira mwachangu kuposa dobadoba wina aliyense.